Nyali Zokhotera za Galimoto Zikayamba Kunama



Inu amene mumatsika pansi pa mgodi mudziwa kuti munthu woyendetsa cikwepe sakuonani. Iye akhala m'nyumba ya makina pamwamba, inu muli pansi patali mumdima, ndipo cimene cimfikitsira mau anu ndi belu. Likalira mwakuti akweza, likalira mwakuti atsitsa, likalira mwina aimitsa. Ndipo moyo wa anthu onse a m'cikwepemo uli pa kukhulupirika kwa belulo. Tsono pa mseu ziri cimodzimodzi. Munthu amene akutsatani ndi lori yodzala katundu sadziwa za mumtima mwanu. Sadziwa kuti nyumba yanu iri ku dzanja lamanja, ndi kuti mufuna kupatuka pa mtengo uja wa mango. Iye aona kanyali kamodzi kophethira kumbuyo kwa galimoto yanu. Kanyali kameneka, kamene tonse timakacha indiketa, ndiko belu lanu. Lero ndifuna kukamba za matenda ace, ndi za m'mene mwini galimoto angawapezere yekha pabwalo pa nyumba yace, asanapereke ndalama kwa munthu wina.

Kuno kwathu timayenda ku dzanja lamanzere la mseu, cifukwa cace kukhotera kumanja ndiko koopsa koposa, pakuti muyenera kuima pakati pa mseu, ndi kudula njira ya amene alikubwera kutsogolo ndi ya amene afuna kukupitirirani. Cobvuta ncakuti inu muli mkati mumamva kulira kuja kwa thi-thi, thi-thi, muona kamubvi kobiriwira kalikuthwanima patsogolo panu, nimukhulupira kuti mwanena mau anu. Pamene kunja nyali ya kumbuyo iri zii, kapena irikunena zina zimene simunaitume.

Kale magalimoto analibe nyali zimenezi, ndipo woyendetsa anali kuturutsa mkono pa zenera. Pambuyo pace opanga anaika timikono tokhala ndi kanyali mkati, timene tinali kutumphuka m'mbali mwa galimoto ngati phiko la nkhuku. Kampani ya Buick ya ku America inaika nyali zophethira pa magalimoto ace m'caka ca 1939, koma ku Ulaya timikono tinakhalitsa, kotero kuti galimoto yochuka ija ya Morris Minor inatisiya ku Mangalande m'caka ca 1961. Kuyambira masiku amenewo zambiri zasintha, koma ulendo umene magetsi ayenda ukali womwewo. Ndipo munthu akaudziwa ulendowo, theka la nchito latha.

Magetsi aturuka m'batire, limene liri la mavolti 12, napita ku fyuzi. Kucokera ku fyuzi alowa m'kabokosi kochedwa flasher, kamene nchito yace ndi kutsegula ndi kutseka njira mosalekeza, ndipo ndiko kamalira thi-thi. Kucokera apo afika pa swici, ndiyo kandodo kaja ka pa ciongolero, kamene kawatumiza kumanja kapena kumanzere. Potsiriza afika pa mababu, la kutsogolo, la kumbuyo, ndi laling'ono la m'mbali. Anthu ambiri aleka kuwerenga pamenepa, naganiza kuti ulendo watha. Sunathe ai. Magetsi ali ngati munthu wanzeru wa pa mgodi: salowa kumene kulibe njira yoturukira. Ayenera kubwerera ku batire kumene anacokera, ndipo akapanda kuona njira yobwerera sayenda konse. Opanga magalimoto, pofuna kusunga mkuwa, mkuwa womwewo umene ambiri a inu mumakumba, sanaike waya waciwiri wautali wobwerera. Anamangirira mutu umodzi wa batire, uja wa cizindikiro ca kamzere, ku thupi la galimoto, kotero kuti citsulo conse ca galimoto ndico waya wobwerera; ndipo nyali iri yonse iri ndi kawaya kakafupi, kapena sikulu, yoigwirizanitsa ndi citsuloco. Amakaniko amacha njira imeneyi earth. Musunge mau amenewa, pakuti tidzakhalitsa pa iwo.

Zida zofunika nzocepa: sikuludiraiva, sipanala ya 10, kapepala kopalira dzimbiri, waya wabwino wa mamita 3 kapena 4, ndi babu loyesera. Babu loyesera mungathe kulipanga nokha ndi kababu ka mawati 5 ndi mawaya awiri. Waya wina mukhudza nao citsulo coyera, wina mukhudza nao pamene mufuna kudziwa ngati magetsi afikapo, ndipo kababu kakayaka ndiye kuti alipo. Koma cida cacikuru ca zonse ndi mwana, kapena amai a kunyumba, pakuti munthu mmodzi sangathe kukhala pa mpando ndi kuimanso kumbuyo nthawi yomweyo.

Musagwire sipanala musanaone. Imikani galimoto pamthunzi, kapena dikirani dzuwa lipendeke. Kokani buleki ya dzanja, nimutembenuze kiyi kufikira tinyali ta kutsogolo kwa woyendetsa tiyake, cifukwa maindiketa sagwira nchito kiyi ali wozima. Mwana akhale pa mpando, inu muzizungulira. Apatse kumanja, apatse kumanzere, adinikize batani lija la makona atatu loyatsa nyali zonse zinai pamodzi, limene timati hazadi. Kenaka abwereze zonsezi ataponda buleki, nabwerezenso atayatsa nyali zazing'ono za madzulo. Matenda ali onse ali ndi kaphethiridwe kace, ndipo mukapenyetsetsa, nyali idzakuuzani yokha pamene padwala.

Tiyambe ndi bvuto limene licuruka. Mbali imodzi iphethira bwino, koma ina iphethira msanga msanga ngati mtima wa munthu wothamanga. Malamulo amene opanga atsata afuna kuti nyali iphethire pakati pa nthawi 60 ndi 120 pa miniti imodzi. Babu la kutsogolo liri la mawati 21, la kumbuyo 21, ndi la m'mbali 5; pamodzi mawati 47, ndiwo pafupifupi maampu 4. Flasher iudziwa katundu ameneyu monga wonyamula matumba adziwa kulemera kwa thumba lodzala. Babu limodzi lalikuru likapsa, katundu atsika kufika pa mawati 26, ndipo flasher ifulumiza dala kuti inu muli mkati muzindikire. Cifukwa cace kufulumirako si matenda a flasher, ndi uthenga wace. Ndipo munthu amene athamangira kukagula flasher yatsopano ali ngati wokwapula mthenga. Pa magalimoto akale ndithu, amene flasher yao iri ndi kacitsulo kamene kamatentha nikapindika, babu likapsa nyali yotsalayo mwina ingoyaka osaphethira. Tanthauzo lace ndi lomwelo.

Masulani nyali imene siyaka, muturutse babu, nimuliyang'ane pa kuwala. Ngati kaulusi ka mkati kaduka, kapena galasi lada, kapena layera ngati muli utsi, latha. Ngati simuona kanthu, pali kuyesa kwaulere: tengani babu la mbali inayo, limene mudziwa kuti liyaka, muliike pamenepo. Likayaka, bvuto linali babu. Likakana, penyani m'cisa momwe babu likhala. Kawiri kawiri mudzapezamo dzimbiri lobiriwira, kapena kacitsulo kofewa kamene kayenera kukhudza tako la babu katafooka nikagona pansi. Zimani kiyi, palani dzimbirilo, nimukadzutse kacitsuloko pang'ono ndi sikuludiraiva.

Popita kukagula, nyamulani babu lakale m'thumba, pakuti mababu ofanana nkhope asiyana matako. Liripo la kadontho kamodzi pansi, ndilo la indiketa. Liripo la timadontho tiwiri ndi timaulusi tiwiri, la mawati 21 ndi 5, ndilo la buleki ndi nyali ya madzulo pamodzi. Babu la galasi lacikasu liri ndi timakutu timene sitiyang'anana bwino lomwe, kuti lisalowe m'malo a loyera. Magalimoto ambiri a ku Japan, amene adzala m'misewu yathu, ali ndi mababu a tako laphanthi lagalasi, ongokankhira. Babu likakana kulowa musalikakamize. Ndinaona munthu atakankhira babu la kadontho kamodzi m'cisa ca timadontho tiwiri, ndipo poponda buleki nyali za kutsogolo zinali kuyaka.

Anyamata a masiku ano akonda kuika mababu a LED cifukwa awala kwambiri. Amenewa adya magetsi ocepa kopambana, kotero kuti flasher iganiza kuti babu lapsa, niyamba kuthamanga. Mankhwala ace ndi kugula flasher yopangidwira LED, kapena kubwezera mababu akale. Ena amangirirapo tizitsulo tomwera magetsi kuti anamize flasher. Timeneti timatentha kwambiri, ndiponso flasher ikanamizidwa motero siingakucenjezeninso tsiku limene nyali idzafa. Ine sindikondwera nato.

Bvuto laciwiri ndi ili: kumanja zii, kumanzere zii, ndipo kulibe kulira. Mababu onse safa tsiku limodzi, tsono funani pamene njira ikali imodzi isanagawike, ndiko ku fyuzi ndi ku flasher. Bokosi la mafyuzi liri pansi pafupi ndi bondo la woyendetsa, ndipo lina liri m'boneti. Pa cibvundikiro cace pali cithunzi coonetsa fyuzi iri yonse, ndipo mufune yolembedwa TURN kapena HAZ. Mafyuzi a masiku ano adziwika ndi maonekedwe: yofiira ndi ya maampu 10, yabuluu 15, yacikasu 20. Zulani, penyani kacitsulo ka mkati; ngati kaduka, ikani ina ya nambala yomweyo.

Yatsopanoyo ikapsanso pomwepo, imani. Ndiye kuti pena pace waya wasupuka, ndipo mkuwa ulikukhudza citsulo, kotero kuti magetsi alikubwerera mwacidule osapita ku babu. Apa ndipo anthu acita coipa cacikuru, cokulunga fyuzi ndi kapepala konyezimira ka m'paketi ya fodya, kapena kulowetsapo waya. Fyuzi ndiye mlonda amene anaikidwa kuti afe iye, nyumba ipulumuke. Mukaikapo cosapsa, adzapsa ndi mawaya, ndipo mawayawo apita pansi pa mipando imene ana anu akhalapo. Masulani mutu wa kamzere wa batire, nimutsate waya ndi maso ndi zala, makamaka pamene apyola pa boo la citsulo, pamene apindika potsegula buti, ndi pamene munthu wina analumikizapo wailesi kapena mawaya a ngolo yokoka.

Fyuzi ikakhala yamoyo, hazadi adzakuthandizani kuganiza. Iye adya pa fyuzi yace yace, pakuti ayenera kuyaka ngakhale kiyi ali m'thumba. Ngati nyali zonse zinai ziphethira bwino ndi hazadi, ndiye kuti mababu ali bwino, mawaya opita kwa iwo ali bwino, ndipo pa magalimoto ambiri flasher yomwe iri bwino, popeza ndi imodzi yomweyo. Catsala ndi kandodo ka pa ciongolero, ndi batani la hazadi lenilenilo. Ambiri sadziwa kuti pa magalimoto ocuruka magetsi a indiketa apyola mkati mwa batani limeneli. Popeza silidinikizidwa kawiri kawiri, pfumbi limanga m'menemo. Lidinikizeni ndi kulibweza nthawi 20, ndipo mwina mudzaona maindiketa atauka opanda kumasula kanthu. Ngati dzulo lace wina anamasula malo a wailesi, onani ngati anabwezera pulagi ya batanilo.

Hazadi akakhala cete nayenso, pitani ku flasher. Ikakhala ya miyendo itatu mudzaona zilembo pambali pa miyendoyo: pa ya ku Japan B, L ndi E, pa ya ku Germany 49, 49a ndi 31. Woyamba ndiwo wolandira magetsi, waciwiri wopita ku mababu, wacitatu wa earth. Izuleni, nimukhudze pa boo la B ndi babu loyesera, kiyi ali woyatsa. Likayaka, magetsi afika. Tsono tengani kawaya kakafupi, mulumikize boo la B ndi la L, mwana napatse kumanja. Nyali za kumanja zikayaka nji, osaphethira, mwapeza: zonse ziri bwino koma flasher, ndipo tsopano mungathe kuturutsa ndalama ndi mtima woyera. Mucenjere kuti kawayako kasakhudze boo la E. Ndipo flasher ya miyendo yambiri musaiyese motere.

Tsopano ndifike pa matenda amene anandicititsa manyazi ine mwini, ndiwo amene adyera anthu ndalama koposa ena onse. Ndinali ndi galimoto yakale ya bokosi kumbuyo. Tsiku lina m'nyengo ya mvula, pa mseu wa pakati pa Ndola ndi Kitwe, ndinapatsa indiketa ya kumanja, ndi kuponda buleki kuti ndipatuke. Ndinangomva kulira kwa matayala kumbuyo, ndipo lori inaima pafupi kotero kuti m'kalirole ndinaona citsulo cace cokha. Woyendetsa anatsika alikunjenjemera, nati, "Bambo, mufuna kutipha? Mwaima pakati pa mseu opanda kunena!" Ine ndinalumbira kuti ndinapatsa indiketa. Iye anati, "Nyali zanu zirikubvina gule, zonse ziwiri, ndipo palibe yowala." Tinasiyana ali yense akhulupira kuti mnzace ndiye wabodza.

Pofika kunyumba ndinayesa, galimoto iri ciimire, ndipo indiketa inaphethira, yofooka pang'ono, koma inaphethira. Ndinagula mababu atsopano. Mlamu wanga ataona ponditsata kuti gule uja sanathe, ndinagula flasher. Ndinali pafupi kugula kandodo ka pa ciongolero, kamene mtengo wace unali ngati cakudya ca sabata, pamene mkulu wina woyandikana nane, amene anagwira nchito ya magetsi zaka zambiri, anandifunsa funso limodzi: "Kodi poyesa, alipo anaponda buleki?" Panalibe. Anakhazika mwana wanga pa mpando, ife tinaima kumbuyo. Mwana atapatsa indiketa yokha, ndinaona cimene sindinacione kale, kuti nyali yofiira ya mbali inayo inali kuphethira nayo pang'ono, ngati khala la moto m'phulusa. Ataponda buleki, yacikasu ndi yofiira zinayamba kulandizana mofooka, ndipo munthu wa kumbuyo sakanadziwa kanthu.

Mkuluyo sananene zambiri. Anatenga waya wautali, namanga nsonga ina pa mutu wa kamzere wa batire, nakhudza ndi nsonga inayo citsulo ca cisa ca babu. Pomwepo gule anatha. Yacikasu inawala mwamphamvu, yofiira inaima nji. Anacotsa waya, gule anayambanso. Bvuto lonse linali sikulu imodzi ya dzimbiri kuseri kwa nyali.

Mumvetse cimene cinali kucitika, pakuti mukacimvetsa simudzanamizidwanso. Nyali ya kumbuyo iri ngati nyumba ya zipinda zingapo yokhala ndi khomo limodzi loturukira. Babu la indiketa, la buleki, la madzulo ndi lobwerera m'mbuyo, onse aturutsira magetsi ao pa earth imodzi. Dzimbiri likatseka khomolo, magetsi a indiketa safa ai. Afuna pena poturukira. Alowa camfutambuyo m'babu la buleki, natsata waya wa buleki kuoloka kufikira nyali ya mbali inayo, napyola m'babu la kumeneko, naturukira pa khomo la mnzao. Popeza tsopano apyola m'mababu angapo motsatana, mphamvu igawika, ndipo onse ayaka mofooka. Nanga mukaponda buleki? Waya uja anali njira yothawira tsopano wadzala magetsi ace. Babu la indiketa likhala ndi mavolti 12 mbali iyi ndi mavolti 12 mbali iyo, monga anthu awiri a mphamvu zofanana akukankha citseko cimodzi, wina mkati wina kunja. Citseko sicisuntha, ndipo nyali izima. Ndico cifukwa cace matenda amenewa abisala pamene muyesa muli nokha pabwalo, naonekera pa mseu, pa nthawi yeniyeniyo imene mupatsa indiketa ndi kuponda buleki pamodzi.

Tsono mukaona nyali imene simunaitume irikuyaka, kapena nyali ziwiri zirikulandizana, kapena kamubvi ka mkati kayaka pang'ono mukayatsa nyali za madzulo, musagule kanthu. Funani earth. Pa Toyota waya wace ndi woyera wa mzere wakuda. Pa magalimoto a ku Germany ndi wofiirira ngati dothi. Pa akale a ku Mangalande ndi wakuda. Mtsateni kufikira pamene amangidwa ku thupi la galimoto. Masulani sikulu kapena bauti, palani citsulo ndi kamphete ka waya kufikira zonse zinyezimire, mangani zolimba, ndipo mutamanga pakani girisi kapena Vaseline pamwamba kuti madzi asafikepo. Ngati nyali yanu iri ya pulasitiki, earth ipyola pa pulagi ya mawaya. Izuleni, nimufune mwendo umene wada kapena wasungunula pulasitiki pozungulira pace. Amene muli ndi mita yoyesera magetsi, ikani nsonga ina pa mutu wa kamzere wa batire ndi ina pa citsulo ca cisa, nyali iri ciyakire. Ikaonetsa kopitirira theka la volti, khomo liri lothina.

Dziko lathu lino liwakonda matenda amenewa. M'cirimwe pfumbi lofiira lilowa m'nyali. Mvula ikayamba mu Novembala pfumbilo lisanduka matope, ndipo matope asunga cinyezi pa citsulo kufikira Epulo. Mukaona madontho a madzi mkati mwa galasi la nyali, dziwani kuti mphira wotsekera watha kapena galasi lang'aluka, ndipo dzimbiri liri pa njira. Cinanso: galimoto ikacokera kwa owongola mabodi, penyani nyali za mbali imene inagundidwa. Penti watsopano akongoletsa, koma magetsi sapyola pa penti; ndipo kamphete ka earth kakamangidwa pamwamba pace, kali ngati kosamangidwa. Polumikiza waya woduka musangopota ndi kukulunga ndi pepala la shuga. Potani zolimba, wocherani ndi mtobvu ngati mungathe, nimukulunge ndi tepi ya magetsi.

Catsala ndi kandodo ka pa ciongolero. Ngati mbali imodzi yonse yafa, kutsogolo ndi kumbuyo komwe, pamene hazadi aiyatsa bwino, kandodoko ndiko kolakwa. Kagwedezeni pang'ono kali kopatsa. Nyali ikayamba ndi kuleka monga mwa kugwedeza kwanu, timano ta mkati tadyeka kapena tada. Apa ndipo ndikupemphani kuti mudziwe polekera. Pakati pa ciongolero ca magalimoto a masiku ano pali thumba la mpweya lija limene limaphulika pa ngozi, ndipo mawaya ace ali ndi mapulagi acikasu. Musawakhudze ndi babu loyesera ngakhale kamodzi, pakuti magetsi ocepa akwanira kuliphulitsa pa nkhope panu. Ndiponso magalimoto ambiri atsopano alibe flasher yozula ndi dzanja. Kompyuta ndiyo iphethiritsa nyali, ndipo kulira kwa thi-thi kucokera m'kacipangizo kongotsanzira. Pa otere yang'anani mababu, mafyuzi ndi earth, ndipo zikapitirira apo pitani kwa wa magetsi a galimoto. Koma mupite ndi mau okonzeka: mumuuze mbali imene idwala, cimene hazadi acita, cimene cicitika poponda buleki, ndi zimene mwayesa kale. Munthu wofika motere salipitsidwa maola a kufunafuna.

Popita kukagula babu kapena kwa makaniko, mkono wanu ukhale nyali. Pokhotera kumanja, tambasulani mkono wamanja pa zenera, uongoke. Pokhotera kumanzere, uturutseni nimuuzungulize. Pocepetsa liwiro, ukwezeni ndi kuutsitsa, cikhato ciyang'ane pansi. Zimenezi zigwira nchito usana wokha ndi pa ulendo waufupi. Usiku palibe aona mkono, ndipo apolisi a pa mseu ndi oyesa magalimoto a RTSA afuna nyali zoyaka.

Mukatha kukonza, musafulumire kubwezera zibvundikiro. Dikirani kude, lizani injini, yatsani nyali za madzulo, mwana aponde buleki osaleka, napatse kumanja ndi kumanzere. Inu muime kumbuyo mapazi 20, pamene woyendetsa lori akadakhala, nimuwerenge kuphethira kwa miniti yathunthu. Yacikasu iwale yokha, yofiira isagwedezeke, ndipo mbali inayo ikhale cete. Mukakhala opanda wokuthandizani, bwezani galimoto pafupi ndi khoma loyera la nyumba, nimupenye m'kalirole. Khoma lidzakuonetsani cimene anthu a kumbuyo aona.